Ayezi wa Mtendere, Zakuda za Amake

Tromso, Norway
18 Okutobala 2010

Okondedwa amayi,

Moni wa masiku onse uja akundikanika kulemba. Ndikati muli bwanji ndikhala ngati ndikukusekani.

Ndatsika m'sitima dzana. Nditangoyatsa foni, mauthenga a bambo aang'ono a Bizeki anayamba kulowa motsatizana: woyamba wakuti abambo adwala, wina wakuti agonekedwa kuchipatala, wina wakuti ndiimbe msanga, womaliza wakuti mwaika kale. Ndinawerenga ndili chiimire padoko, chikwama chili kumsana. Amayi, mwezi wathunthu abambo ali m'manda, ine ndikudya, ndikuseka ndi anzanga, ndikugona tulo tabwinobwino, osadziwa kanthu! Mtima wanga ukukana kumvetsa.

Dzulo ndinakuimbirani, koma makutu anuwo ndi foni sizimvana. Inu mumangoti "ati chiyani?" ine kuno ndikulira. Ndiye tibwerere ku makalata monga kale.

Musaganize kuti ndinanyozera. Kumene timapita ndi sitima ya sukulu yathuyi ndi kunsonga kwenikweni kwa dziko, kumpoto, kumene nyanja imaundana n'kusanduka ayezi. Kumeneko foni siigwira. Ndi paja abambo ankaloza ndi choko pa mpira wa mapu wa kusukulu uja, pamwamba poyera paja, n'kumati, "Apa, ana inu, sipadzasungunuka mpaka Yesu adzabwere." Ndinkafuna ndidzawauze ndi pakamwa panga kuti ndapondapo, komanso kuti pakusungunuka. Akanandikanira mpaka nkhuku kulowa m'khola, ine n'kumasangalala nako kukanako.

Ndiuzeni zonse, musandibisire. Anavutika? Ananditchula? Anaimba ndani? Maliro ndawaphonya, koma pa chiliza chawo chaka chamawa ndidzakhalapo.

Ndine mwana wanu,
Mtendere

Mua, Dedza
20 Novembala 2010

Mwana wanga Mtendere,

Kalata yako yafika. Ndawerenga, ndaipinda, ndaitsegulanso. Ife kuno tadzuka, poti kudzuka kwake n'komweku.

Bambo ako sanavutike nthawi yaitali. Chinali chibayo. Ankakutchula, inde. Akatsegula maso ankafunsa kuti, "Mtendere wafika pati?" Ine ndinkati ali pa ayezi. Iwo n'kuti, "Musamusokoneze, akuyeza." Umawadziwa bambo ako: munthu akhale akuyeza kanthu, ngakhale nyumba ikupsa, amusiye amalize.

Maliro anali aakulu, mwana iwe. Ana asukulu awo akale anachokera ku Golomoti, ku Mtakataka, ena mpaka ku Salima, anthu a imvi zawo koma akuti "aphunzitsi, aphunzitsi." Lazaro uja ankamukwapula tsiku ndi tsiku chifukwa chothawa m'kalasi kukawedza, ndiye ananyamula bokosi kutsogolo akulira ngati kamwana. Kwaya inaimba mpaka mawu kusasa. Pa mwala umene adzukulu anazika kumutu kwa manda talembapo ndi penti kuti Ezekiele, kudikira chiliza.

Alamu anga a Lucia, azakhali ako, andiveka zakuda monga mwa mwambo: diresi, chitenje ndi duku. Ndivala chaka chathunthu. Tsiku lotsegulira chiliza iwo omwewo ndi amene adzandivule n'kundiveka nsalu ya maluwa, pamenepo ndiye kuti akuchimuna andimasula. Chiliza timanga Sepitembala, mwezi umene anatisiya. Ndi nthawi yomwenso mpunga wa ku Bwanje umakhala uli m'nyumba, kumanda kutauma, anthu ali ndi mpata wobwera.

Ndawauza alamu anga onse kuti popeza sunawaone bambo ako akutsikira m'manda, tsiku limenelo udzakhalepo. Zakudazi sindivula iwe kulibe. Ndanena.

Mvula sinagwebe. Uzivala zofunda kumeneko.

Ndine mayi ako,
Fainesi

Tromso
9 Julaye 2011

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu, inu ndi onse pakhomo. Yanu ya pa Pasaka ija ndinalandira, ndipo nkhani ya mbuzi ya azakhali imene inalowa m'tchalitchi nthawi ya ulaliki ndauza aliyense kuno.

Amayi, ndili ndi mawu ovuta, ndakhala ndikuzengereza kuwalemba. Sepitembala uno sinditha kubwera. Andiikanso pa ulendo wa sitima, tinyamuka Ogasiti.

Mufunsa kuti bwanji osapempha mwezi wina. Vuto lake ndi ili. Ayezi wa panyanja amakula m'nyengo yozizira, kenako amasungunuka dzuwa likabwerera, ndipo pakati pa Sepitembala mpamene amachepetsetsa. Wofuna kudziwa kuti watsala wochuluka bwanji ayenera kuyeza nthawi imeneyo. Zili ngati chitsime chathu: simungachiweruze mu Febuluwale, mumachiona mu Okutobala mvula isanagwe. Mwezi wa chiliza ndi mwezi wa ayezi zangokumana pamodzi, ine ndagwira njakata.

Ndikukupemphani, musandidikire. Mangani chiliza, azakhali akuvuleni zakudazo, mupume. Abambo sangakondwe kuti mwambo uime chifukwa cha ine. Ndatumiza kangachepe ka simenti kudzera kwa bambo aang'ono. Ine ndikadzabwera ndidzapita kumanda ndi inu, awiriwiri, popanda chigulu.

Mundikhululukire.

Mwana wanu,
Mtendere

Mua
24 Okutobala 2011

Mtendere,

Moni. Tadzuka, kaya iwe ndi ayezi wakoyo.

Kalata yako inafika, za simenti zinafikanso, zikomo. Za chiliza tamva.

Kuno kwatentha, kutentha kumene sindinakuonepo chikwatiwireni ku Mua kuno. Chigwa chino n'chotentha kuyambira kale, sindikana, koma kale dzuwa likapendeka kamphepo kankatsika kuphiri ife n'kupumako. Chaka chino mphepo yake ikukhala ngati yachokera mu uvuni wa njerwa. Nkhuku zikungoyasama pansi pa nkhokwe. Mango akuyoyoka ali anthete. Mtsinje wa Nadzipokwe watsala kamadzi koti mwana n'kulumpha.

Tsono ndifunseko, poti ine sukulu yanga inathera pa zosoka kwa masisitere. Ayezi ameneyu ndi wa yani? Ine ayezi ndimadziwa wa mufiliji ya kugolosale pa Mtakataka. Magetsi akazima amasungunuka, akayaka amaundananso, palibe amalira. Wakoyo watani kuti chaka ndi chaka azikuitana, iwe n'kumavomera? Kapena m'sitimamo muli mwamuna? Ngati alimo nena, sindikudya. Akhale mzungu, akhale wakuda, bola wodziwa kupereka moni kwa akuluakulu.

Ndayamba kuiwala kuti umaseka bwanji.

Mayi ako,
Fainesi

Tromso
15 Januwale 2012

Okondedwa amayi,

Chaka chabwino chatsopano kwa inu ndi onse. Kalata yanu inandiseketsa ndili ndekha m'chipinda mpaka mnzanga woyandikana naye anagogoda kufunsa ngati kuli bwino. Mwamuna kulibe, amayi! Amuna a m'sitimamo ndi andevu zawo, onunkha dizilo, ndipo moni wawo ndi kungogwedeza mutu. Simungawalole n'kukhala pakhonde pomwe.

Kuno dzuwa sitinalione chiyambire kumapeto kwa Novembala. Masana kumangoyera pang'ono ngati m'bandakucha, kenako mdima. Ndikalakalaka kwathu ndimatseka maso n'kumayenda m'maganizo kuchokera pa siteji ya Mua, kukwera kamtunda kaja, kudutsa pa osema ziboliboli, mpaka pa mtengo wa bwemba wa pakhomo. Ndikafika pamenepo ndimatsegula maso.

Mwafunsa za ayezi, ndiyankhe bwinobwino. Mu 1979, chaka chimene munandibereka, makina a m'mlengalenga otchedwa masetilaiti anali atangoyamba kujambula nyanja ya kumpotoyi. Ndiye mbiri ya ayeziyu ndi ine ndife a msinkhu umodzi. Chiyambire pamenepo ayezi wa mu Sepitembala wakhala akuchepa. Chaka china amabwererako pang'ono anthu n'kuti wachira, koma zili ngati matenda a munthu wokalamba: lero wadya, mawa wagona, koma ukamuona patapita zaka umadziwa kuti akutha. Mu 2007 anachepa mpaka akatswiri omwe anagwira pakamwa.

Kukula kwake setilaiti imaona. Ife timapita kukayeza kuchindikala. Timatsika m'sitima, kubowola ayezi, kulowetsa tepi mpaka titapeza madzi, mlonda ali poteropo ndi mfuti kuopa zimbalangondo zoyera. Mkulu wathu anayamba ntchitoyi ine ndili kusukulu ya pulayimale. Akuti kale ankapeza ayezi wakale, wopirira zilimwe zambiri, wochindikala kuposa kutalika kwa khoma la nyumba yathu. Lero wambiri ndi wa chaka chimodzi, wongofika m'chifuwa, ndipo dzuwa likabwera sachedwa kutha.

Chimene chikuchititsa ndi utsi wa mafakitale ndi magalimoto umene ukutenthetsa dziko lonse. Koma kuno kukutentha mofulumira kawiri kuposa kwina, chifukwa chake n'chapafupi. Ayezi ndi woyera, ndiye dzuwa likamuomba amalibweza. Akasungunuka pamatsala madzi akuda bii, ndipo chakuda chimamwa dzuwa. Madzi akatentha amasungunula ayezi wina, pamatsalanso madzi akuda ochuluka, basi kumangopitirira choncho. Filiji imeneyi ndi ya dziko lonse, amayi, ndipo palibe wodzayatsanso magetsi ake. Sindinganene kuti kutentha kwa Okutobala wanu uja kunachokera kuno mwachindunji, koma nthenda yake ndi imodzi.

Simunandiuze mmene mwambo unayendera. Mundijambulitsireko chiliza cha abambo, ndi inu mutavala nsalu ya maluwa. Ndikufuna ndichipachike pamwamba pa tebulo langa.

Mwana wanu,
Mtendere

Mua
4 Malichi 2012

Mtendere mwana wanga,

Tadzuka. Chimanga chamasula koma mvula inadula pakati, kaya tikolola chiyani.

Chithunzi cha chiliza palibe chifukwa chiliza palibe. Nsalu ya maluwa ili m'sutikesi mmene a Lucia anaigulira.

Za ayezi ndamva, ndipo wafotokoza bwino ngati bambo ako. Ndawerengera amayi a kumphakati, ena anagwira pakamwa, ena anati n'zamasiku otsiriza. Koma zakuti chakuda chimamwa dzuwa, zimenezo ukanasunga inki yako. Msana wangawu ukuzidziwa. Okutobala awiri ndadutsa nazo zakudazi.

Ndinakulembera kuti sindivula iwe kulibe. Unayesa ndikucheza? Kodi unayamba wandionapo ndikubweza mawu? Iwe unati musandidikire, ine ndinamva, koma kumva si kuvomera.

Diresi loyamba lija linasuluka mpaka kuoneka ngati phulusa, ndasoka lina. Yunifolomu ya Amayi a Chikatolika ili chipachikire. Pa ukwati wa Idah, mwana wa azakhali ako, ndinakhala kuseri ndi ophika, anzanga akuvina pabwalo, ine mapazi akundiyabwa. Nyimbo yake inali imene ndinavina pa ukwati wanga. Sindikudandaula, ndikungokuuza kuti udziwe mmene zilili.

Ndakusowa, Mtendere. Ndimati ndikamva minibasi yaima kumsewu ndimasiya chimene ndikuchita, chonsecho makutu angawa minibasi sangaimve n'komwe.

Mayi ako,
Fainesi

Bwanje, Golomoti
12 Meyi 2012

Mwana wathu Mtendere,

Ndine bambo ako aang'ono, Bizeki. Moni ndakupatsa. Ine si wolembalemba, ndipo tili pakati pomweta mpunga kusikimu kuno, ndiye ndingolunjika pa nkhani.

Watichititsa manyazi. Mwina sukudziwa, ndiye ndikuuze. Mkazi wamasiye akapitirira chaka ali m'zakuda, anthu saloza iye, amaloza ife akuchimuna. Pa Mua ponse akuti banja la Ezekiele likukana kumasula mlamu wawo chifukwa likufuna nyumba. Ine nyumba ya achimwene ndiitani? Ndili ndi yanga, ya malata. Azakhali ako a Lucia anasiya kupita kumsika Loweruka chifukwa cha pakamwa pa anthu. Tapita kwa mayi ako kangapo, tinatuma ngakhale akuluakulu a mpingo, iwo yankho ndi limodzi: Mtendere.

China mayi ako anatiletsa kukuuza, koma ine ndikuuza. Okutobala wapitayu anagwa pobwera kuchigayo, dzuwa likuswa mtengo, ufa uli pamutu. Anawatola ndi anthu odutsa. Adokotala anati ndi kutentha, azimwa madzi ambiri ndipo azivala zopepuka zoyera. Iwo anaseka.

Matumba a simenti tinagula ndi ndalama yako ija asanduka miyala m'nyumba. Tigulanso tokha, usatumize kanthu. Si ndalama imene ikusowa kuno.

Takhala pansi monga banja ndipo tagamula. Chiliza titsegula Loweruka pa 29 Sepitembala chaka chino. Ansembe tawauza, amfumu tawauza, chimera cha thobwa chikonzedwa. Ubwere, usabwere, mwambo uchitika. Koma ngati uli mwana wa Ezekiele ubwera.

Ayezi ameneyo anakubereka?

Ndine,
B. Kadzuwa

Tromso
10 Juni 2012

Okondedwa amayi,

Makalata awiri ali patebulo langa, yanu ndi ya bambo aang'ono. Yanu ndinalephera kuiyankha miyezi yonseyi. Ya bambo aang'ono ndiyo yandidzutsa. Munagwa pamsewu, amayi, ine osadziwa? Ine ndinali kuno kukuphunzitsani za chakuda ndi choyera ngati ndikulankhula ndi ana a sitandade faifi!

Munandifunsa za mwamuna. Chimene chandigwira si mwamuna, ndipo si ayezi yekha. Ndikuopa. Kuno abambo akadali moyo. Ndikapeza chinthu chachilendo ndimati ndikawauza, ndipo palibe chonditsutsa. Koma tsiku limene ndidzakwere kamtunda kaja n'kupeza mpando wawo pakhonde uli wopanda munthu, ndiye kuti amwaliradi. Pa Khirisimasi mpata unalipo, ndinauona, ndinaulambalala. Ndanena poyera kuti musamaganize kuti ndinakutayani.

Chaka chino ndikubwera. Tikiti ndagula, ili m'manja mwangamu. Nditera ku Lilongwe Lachinayi, mwambo uli Loweruka.

Ulendo wa sitima ulipo, koma ndi wanga womaliza, ndipo tibwerera pakati pa Sepitembala, nthawi ikadalipo. Ntchito yake ndi yochepa: kupeza chibenthu chachikulu cha ayezi wakale, kuzikapo makina oti aziyeza okha chaka chonse, basi n'kutembenuka. Popanda zimenezi sukulu yanga yonseyi siitha. Malo ake tikuwadziwa, tinaimapo chaka chatha ndi chaka cha dzana chomwe.

Muwauze azakhali aichape nsalu ya maluwayo ichoke fungo la sutikesi. Ndikufuna ndidzaime pambali panu akamadzakuvekani. Ndipo mundisungire mpunga wa kilombero wa bambo aang'ono, ngati mkwiyo wawo ungalole.

Mwana wanu,
Mtendere

M'sitima, panyanja ya kumpoto
13 Sepitembala 2012

Amayi anga,

Kalatayi ndikuitumiza pa makina a oyendetsa sitima kwa mnzanga wa ku Tromso, kuti aisindikize n'kuiponya. Ndamupemphanso atumize uthenga wachidule pa foni ya bambo aang'ono. Uthengawo ufika msanga, kalatayi mochedwa, koma mawu enawa sindingawadutsitse mwa munthu wina.

Ayezi kulibe, amayi. Tinafika pamalo paja tinaima chaka chatha, pamene ndinayenda ndi mapazi angawa, kubowola, kumwera tiyi nditakhala pa bokosi. Tinapeza madzi okhaokha, akuda, mafunde akugavira. Mkulu wathu anayang'ana pa makina osonyeza malo, anayang'ana panja, anayang'ananso pa makina. Mwezi wathawu kunawomba chimphepo chimene chinaswa ayezi wopyapyala uja, ndipo zithunzi za setilaiti zikusonyeza kuti chaka chino wachepa kuposa 2007, kuposa chaka china chilichonse chiyambire kujambula. Watsala ngati theka la amene ankakhalapo ine ndili mwana.

Tapitirira kumpoto masiku ambiri kufunafuna. Zibenthu zimene tikupeza n'zofumbwa, zodzaza zithaphwi pamwamba. Dzulo tinayesa china. Chobowolera chinangolowa ngati mpeni m'papaya wakupsa, ndipo mlonda anatiuza tibwerere m'sitima msanga. Makina athu sangakhale pa ayezi wotere, angamire sabata isanathe.

Lero m'mawa akuluakulu agamula kuti tipitirirebe kumpoto mpaka titapeza ayezi wakale. Ndinapita kwa mkulu wathu, ndinamuuza za inu, za zakuda, za 29. Anandimvera chisoni, anagwetsa nkhope, koma sitima ya anthu ambiri singatembenukire munthu mmodzi, ndipo pano palibe potsikira. Tidzafika kudoko mu Okutobala. Tikiti ija yapita pachabe.

Ndinawerengera ulendowu ngati kuti ayezi adzandidikira pamene ndinamusiya. Ine amene ndimalemba tsiku ndi tsiku kuti akuthawa! Ndalira mpaka maso kutupa, anzanga akuyesa ndi mphepo.

Tsono ndikugwadireni, amayi. Pa 29 azakhali akabwera ndi nsalu ija, landirani. Vulani zakudazo. Okutobala akubwera, ndipo mukadzagwanso pamsewu ine sindidzadzikhululukira. Sindikulonjezanso tsiku, chifukwa malonjezo anga mwawaona. Tikafika ndiyenera kulemba zonsezi n'kupereka kusukulu chaka chisanathe, ndipo za tikiti ina sindikudziwa. Musandidikire. Mukhale omasuka, muvine pa maukwati, muvale yunifolomu yanu. Ndikadziwa kuti mwavula, mtima wanga ukhala pansi.

Mwana wanu amene wakulakwirani,
Mtendere

Mua
21 Okutobala 2012

Mwana wanga Mtendere,

Moni. Ndikhulupirira watsika m'sitima uli wamoyo, zala zonse zilipo. Ife tadzuka.

Uthenga wako wa pafoni unafika nthawi yabwino. Alamu anga a Bizeki anabwera nawo okha panjinga kuchokera ku Golomoti, anandikuwira kukhutu, kenako anakhala pakhonde atakwiya mpaka tiyi kuzizira. Usawaope. Mkwiyo wawo uli ngati moto wa mapesi, ndipo mpunga wako akusungira.

Chiliza tinatsegula pa 29 monga anagamulira. N'chokongola, cha matailosi otuwa, dzina lolembedwa bwino lopanda cholakwika, poti bambo ako akanadzuka kudzakonza ndi choko chofiira. Ansembe anadalitsa, kwaya inaimba, anthu anadya mpaka kutsala. Thobwa linakoma. Chithunzi ndaika m'kalata muno. Wakuda ali kumanzereyo ndine.

Titabwerako kumanda, a Lucia anandilowetsa m'nyumba ndi amayi ena, nsalu ya maluwa ili m'manja, yochapa, yosita. Anagwira mfundo ya duku langa. Ine ndinagwira dzanja lawo. Ndinati, "Alamu, mwachita mbali yanu, ndipo ndituluka ndikauze anthu onse kuti mwandimasula, asakuneneninso. Koma nsaluyi ibwerere m'sutikesi." Analira, anandinena kuti ndine wouma mutu ngati mwana wanga. Ndinatulukadi, ndinaima pabwalo, ndinanena mokweza kuti banja la Ezekiele lilibe mlandu, zakudazi ndavala mwa kufuna kwanga. Ndiye za manyazi zija zatha, usazidandaule.

Kalata yako ya m'sitima yafika sabata yathayi. Ndaiwerenga kawiri. Za ayezi wako zandimvetsa chisoni, zoona. Munthu kupita pamalo pamene unaima n'kupeza palibe, ndikudziwa mmene zimawawira. Ndipo za mantha ako unalemba mu Juni zija, ndinazimva. Mpando wa bambo ako ulidi pakhonde, ulibedi munthu. Tsiku loyamba umapweteka. Kenako umangokhala mpando, nkhuku n'kumakwerapo.

Koma zimene wapemphazo, ayi. Wati ndikavula mtima wako ukhala pansi. N'chimene ndikukana chimenecho. Sindikufuna mtima wako ukhale pansi kumeneko.

Bambo ako ndinawalira, ndinamaliza. Agona pabwino, chiliza chawo chamangidwa. Zakuda ndavala lerozi si zawonso. Iwe maliro sanakubweretse. Chiliza sichinakubweretse. Khirisimasi unailambalala wekha. Chatsala n'chiyani m'manja mwanga choti ndikukokere nacho? Ndikavula lero, udzati amayi ali bwino, udzapita chaka chamawa, chaka chamawacho ayezi adzathawiranso patali, iwe pambuyo pake. Wanena wekha kuti sabwerera. Ine ndili ndi zaka zoti sindingapikisane naye.

Ndiye ndivalabe. Kwatentha kale kuposa chaka chatha. Madzi ndikumwa, kuchigayo ndikutuma ana, masana ndikukhala pansi pa bwemba. Sindikufuna kufa, usaope. Koma dziwa kuti tsiku lililonse dzuwa likatuluka kuno, mayi ako ali m'zakuda, ndipo wodzamasula mfundo ya dukuli ndiwe, ndi zala zako. A Lucia avomera kuti adzangoimirira pambali.

Sindikufunsa mwezi. Lemba zakusukuluzo, upereke. Ukatha ukwere ndege, ukwere minibasi, utsike pa siteji, ukwere kamtunda. Usadzagule mphatso. Ukadzaona munthu wakuda bii atakhala pansi pa mtengo, usadzapite kumanda kaye, udzayambe kuno.

Ndine mayi ako,
Fainesi